Funsani Tikuyankheni: Kodi chilembo K chimaimira chiyani?

Mwezi uno talandira makalata anayi ochokera kuchigwa cha Shire amene, ngakhale eni ake sakudziwana, onse akudandaula za chilembo chimodzi, chomwe ndi K. Tawaika pamodzi chifukwa yankho la kalata imodzi likuthandiza kumvetsa inzake.

FUNSO: A Mkonzi, ndine mlimi wa thonje ndi chimanga cha kudimba. Pa thumba la feteleza wokulitsa pamalembedwa NPK, ndipo alangizi anatiuza kuti N ndi nayitrojeni, P ndi fosiforasi, pamene K ndi potaziyamu. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti dzina loti potaziyamu siliyamba ndi K. Pa thumba lomwelo wogulitsa amalembapo K wa mtengo, ndipo m'munsi mwake muli k winanso wa 50 kg. Kodi ma K atatu amenewa ndi amodzi?
Mlimi wa kwa Ngabu, Chikwawa

YANKHO: Bambo, ma K atatu amene ali pa thumba lanulo sali pachibale ngakhale pang'ono. Zilembo zimene timalembera zilipo 26 zokha, pamene zinthu zofuna kulembedwa mwachidule ndi zosawerengeka, choncho amalonda, asayansi, achipatala ndi amisiri amabwereka zilembo zomwezomwezo, aliyense n'kuzipatsa tanthauzo la ntchito yake popanda kufunsa mnzake. Zili ngati kufika pamudzi n'kufunsa kwa a Phiri, pomwe eni mudzi amayamba akufunsani kuti a Phiri ake ndi ati musanalozeredwe nyumba. Kuti mudziwe K wake, yang'anani ngati chilembocho chili chachikulu kapena chaching'ono, onani mbali imene chaima pa nambala, ndipo onaninso zilembo zimene chayandikana nazo.

K wa mtengo ndi Kwacha, ndalama imene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 1971 m'malo mwa paundi, pa mlingo wa makwacha awiri pa paundi imodzi. Ameneyu amakhala wamkulu ndipo amatsogolera nambala, monga K500 kapena K5,000. Ku Zambia ndalama yawo yakhala ikutchedwa Kwacha kuyambira mu 1968, ndipo ku Papua New Guinea K amaimira ndalama yotchedwa kina, n'chifukwa chake mabanki potumiza ndalama kunja sakhulupirira chilembo chimodzi, koma amalemba MWK akamanena Kwacha ya Malawi ndi ZMW akamanena ya Zambia.

Winayo wa 50 kg ndi wamng'ono, ndipo pa miyezo saima yekha. Ntchito yake ndi kuchulukitsa chilembo chotsatira nthawi 1,000, kotero kuti kg ndi magalamu 1,000 ndipo km ndi mamita 1,000. Tidzanena zambiri za iye poyankha kalata yachiwiri.

K wa NPK ndiye wofunika kukhalapo nthawi, chifukwa akukhudza zokolola zanu. Cha m'ma 1813, katswiri wa sayansi wa ku Sweden, Jöns Jacob Berzelius, anakhazikitsa njira yolembera michere ndi zitsulo pogwiritsa ntchito zilembo zoyamba za mayina awo a Chilatini. Potaziyamu m'Chilatini cha asayansi ndi kalium, dzina lochokera ku mawu a Chiarabu otanthauza phulusa la zomera, ndipo chilembo P chinapita kwa fosiforasi. Zoterezi zinachitikiranso ayironi amene amalembedwa Fe, ndi sodiyamu wa mu mchere wa m'ndiwo amene amalembedwa Na.

Nkhani ya phulusayi si yachilendo kwa inu. Amayi akafuna kuphika therere amatentha zitsononkho kapena makoko a nyemba, amaika phulusalo m'chitini choboola pansi, amathiramo madzi n'kulekerera kuti adonthere m'mbale pang'onopang'ono mpaka atapeza chidulo, madzi oterera m'zala amene amafewetsa masamba. Chimene chimapatsa chidulo mphamvu imeneyo, kwakukulukulu, ndi potaziyamu amene mbewu inayamwa m'nthaka ili moyo, n'kutsalira m'phulusa itapsa. Humphry Davy wa ku England ndiye anali woyamba kupatula potaziyamu payekha mu 1807, pogwiritsa ntchito mphamvu ya magetsi pa mchere wochokera ku phulusa lotero. Choncho K wa pa thumba la feteleza ndi yemwe uja amakhala m'chidulo, ndipo phulusa la pamoto likamwazidwa m'dimba mosapitirira muyezo limabwezera m'nthaka gawo la mchere umenewu.

Tsopano taonani manambala amene ali pa thumbalo, chifukwa amatsata ndondomeko ya zilembo zitatu zija. Feteleza amene alimi ambiri anamuzolowera, wa 23:21:0+4S, nambala yake yachitatu ndi 0, kutanthauza kuti mulibe potaziyamu ngakhale pang'ono, ngakhale anthu amamutchula kuti NPK. Wina amene akupezeka masiku ano, wa 23:10:5+6S+1Zn, ali ndi magawo 5 pa 100 alionse a potaziyamu, kuphatikizapo salufa ndi zinki. Pa thumba la 50 kg, magawo 23 a nayitrojeni ndi makilogalamu 11.5, pamene magawo 5 aja ndi makilogalamu 2.5, ndipo makilogalamu amenewa amawerengedwa potaziyamu ali wophatikizana ndi okosijeni, moti potaziyamu weniweni amangopitirira pang'ono makilogalamu awiri. Yureya, amene timati wobereketsa, ali ndi magawo 46 a nayitrojeni ndipo alibe P kapena K. Palinso feteleza wa potaziyamu yekhayekha wotchedwa MOP, wa magawo pafupifupi 60, amene amagwiritsidwa ntchito pa mbewu zodya kwambiri mchere umenewu monga nzimbe ndi nthochi.

Chimanga chikasowa potaziyamu, masamba akale a m'munsi amayamba kuchita chikasu ndi kupserera m'mbali mwake ngati awauka ndi moto, phesi limafooka n'kumagwa ndi mphepo, ndipo chisononkho sichidzaza mpaka kunsonga. Izi n'zosiyana ndi kusowa kwa nayitrojeni, kumene chikasu chimayambira kunsonga ya tsamba n'kutsata msempha wapakati. Thonje nalonso likasowa potaziyamu masamba ake amapserera ndi kuyoyoka nthawi isanakwane. Chimene chimatidetsa nkhawa ife n'chakuti alimi ambiri amagula thumba pongomva dzina loti NPK, osawerenga manambala, kenaka n'kumadabwa kuti mbewu sizikusintha. Dothi la makande la kwanuko silifanana ndi la mchenga kapena la m'madimba a m'mbali mwa Shire kumene madzi osefukira amasiya matope atsopano, choncho musanawononge ndalama funsani alangizi anu kapena ofesi ya zaulimi ya Shire Valley ADD imene ili kwa Ngabu komweko za mmene mungayezetsere nthaka yanu.

FUNSO: A Mkonzi, ndimachita geni ya mbuzi ndi chitowe. Achinyamata akamatsatsa malonda pa WhatsApp ndi pa Facebook amalemba kuti mbuzi 90K. Bambo anga ataona anaseka kuti mbuzi yatsika mpaka 90 kwacha. M'gulu lathu la banki mkhonde mlembi analemba 50K pa ngongole ya munthu wina, ndipo tsiku lobweza panabuka mkangano. Kalembedwe koyenera ndi kati?
Mayi wa geni, Bangula, Nsanje

YANKHO: Mayi, bambo anu sanalakwe kwenikweni, chifukwa kwa munthu amene wakula akuona K akuimira Kwacha palibe chimene chingamuchenjeze kuti pano chilembocho chasintha ntchito. K amene achinyamata amaika kumapeto kwa nambala akutanthauza chikwi, ndipo anamubwereka kwa k wa kilo uja, amene anachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza 1,000 ndipo analowa m'miyezo pamene dziko la France linakhazikitsa mamita ndi magalamu mu 1795. Motero 90K ndi 90,000, K90 ndi makwacha 90 okha, ndipo amene amalemba K90K akunena makwacha 90,000. M'mayiko amene ndalama yawo ili ndi chizindikiro china kalembedwe kameneka sikasokoneza kwambiri, koma kwathu kuno chilembo chimodzi chikugwira ntchito ziwiri pa mtengo umodzi womwewo, ndipo kusiyana kwake ndi mbali imene chaima basi.

Maganizo athu ndi akuti kalembedwe kachidule kameneka kakhale ka pocheza ndi potsatsa malonda, koma kasalowe m'buku la gulu, m'kalata ya ngongole, pa lisiti, kapena m'pangano logulitsana ng'ombe ndi malo. Mlembi alembe K50,000 ndi maziro ake onse, kenaka alembenso m'mawu kuti makwacha zikwi makumi asanu, monga mmene zinkakhalira pa cheke cha kubanki, ndipo wokongola ndi mboni asayine ataziwerenga kapena atawerengeredwa mokweza. Cheke chinkalembedwa kawiri chotero n'cholinga choti pasakhale wowonjezera kapena kufufuta nambala, ndipo ndalama za amayi a m'gulu zikufunika chitetezo chomwecho. Pa mkangano wanuwo, ngati ena onse amene anakongola tsiku limenelo analembedwa m'njira yofanana, bukulo lingathe kusonyeza lokha chimene mlembi ankatanthauza, koma kuyambira pano gwirizanani pamsonkhano kuti kalembedwe kakhale kamodzi.

Popeza mumagula chitowe pa sikelo, dziwaninso kuti kalembedwe kovomerezeka pa dziko lonse, malinga ndi ndondomeko ya miyezo yotchedwa SI imene inakhazikitsidwa mu 1960, ndi kg wa zilembo zazing'ono, popanda s kumapeto ngakhale makilogalamu achuluke bwanji. Zikwangwani zambiri za m'misika zimalemba Kg, KG kapena Kgs, ndipo anthu amamva ndithu, koma mwana wasukulu akalemba chotero pa mayeso a sayansi akhoza kutaya malikisi. Ndi k yemweyu amene mumamuona pa zikwangwani za mumsewu wa M1 zonena makilomita otsala kuti mufike ku Nchalo kapena ku Nsanje, pa mayunitsi a magetsi amene amalembedwa kWh, ndi pa mathiransifoma a ESCOM pamene pamalembedwa kVA. Pa kukula kwa zinthu za mufoni mudzaona kB kapena KB, ndipo akatswiri a makompyuta nthawi zambiri akalemba K wamkulu pamenepo amatanthauza 1,024 osati 1,000, chifukwa makinawo amawerenga mochulukitsa ndi 2. Kusiyana kumeneku n'kochepa moti sikungakudyereni bandulo, koma kukusonyeza kuti ngakhale tanthauzo loti chikwi silikhala chimodzimodzi paliponse.

FUNSO: A Mkonzi, nditangobereka anamwino anabaya mwana wanga jakisoni pantchafu n'kunena kuti ndi vitamini K. Pambuyo pake apongozi anga atayezedwa magazi, pa pepala panalembedwa K, ndipo adokotala anati wakwera, achepetse nthochi. Kodi ndiye kuti chimene anabaya mwana wanga ndi chomwecho chimene chikudwalitsa apongozi?
Mayi wa mwana wakhanda, Nsanje Boma

YANKHO: Mayi, mtima ukhale m'malo, chifukwa zinthu ziwirizi n'zosiyana kotheratu, ndipo jakisoni amene mwana wanu analandira ndi womuteteza. Kalata yanu ndi imene yatikhudza kwambiri pa zonse zinayi, chifukwa kusokoneza zilembo pa nkhani ya chipatala kungachititse kholo kukana chithandizo chabwino kapena wodwala kudya zimene analetsedwa.

Vitamini K amathandiza magazi kuundana munthu akavulala kuti asatuluke mosalekeza. Anamutulukira ndi Henrik Dam wa ku Denmark, amene mu 1929 anaona kuti anapiye odyetsedwa chakudya chochotsedwa mafuta ankataya magazi mosavuta, ndipo chilembo K chinachokera ku mawu oti Koagulation, amene m'Chijeremani amatanthauza kuundana kwa magazi. Dam analandira mphoto ya Nobel ya chaka cha 1943 pamodzi ndi Edward Doisy wa ku America chifukwa cha ntchito imeneyi. Ana amabadwa ndi vitamini ameneyu wochepa kwambiri, ndipo mkaka wa m'mawere, ngakhale uli chakudya choposa china chilichonse kwa khanda, uli naye wochepanso. Mwana wosowa vitamini K akhoza kutaya magazi pamchombo, m'matumbo, ngakhale mu ubongo, ndipo n'chifukwa chake bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti mwana aliyense abayidwe jakisoni ameneyu akangobadwa. Akuluakulu amamupeza m'ndiwo zamasamba obiriwira monga bonongwe, mpiru ndi nkhwani.

K wa pa pepala la apongozi anu, amene nthawi zambiri amalembedwa K+, ndi potaziyamu, yemwe uja tamufotokoza pa nkhani ya feteleza. Thupi limamufuna kuti mtima ugunde bwino ndi kuti minofu ndi mitsempha zigwire ntchito, ndipo mwa munthu wabwinobwino mlingo wake m'magazi umakhala pakati pa 3.5 ndi 5.0 pa muyezo wa kuchipatala. Impso ndi zimene zimachotsa wotsala kudzera m'mkodzo, choncho zikafooka, kapena munthu akamamwa mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, potaziyamu amachuluka ndipo akhoza kusokoneza kagundidwe ka mtima. Apo m'pamene adokotala amaletsa kapena kuchepetsa nthochi, mbatata, tomato ndi zina, ndipo banja lanu lifunsenso za chidulo, popeza chimachokera ku phulusa. Vuto lotsutsana nalo limachitika munthu akatsekula m'mimba kwambiri, monga pa kolera imene imavuta kuchigwa kuno madzi akasefukira, chifukwa potaziyamu amatayika pamodzi ndi madzi a m'thupi, ndipo ichi n'chifukwa chimodzi chimene mu Thanzi ORS muli mchere wa potaziyamu.

Pali gulu lina la odwala, amene amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana otchedwa warfarin, omwe amauzidwa kuti asamasinthe mwadzidzidzi kuchuluka kwa masamba amene amadya. Kwa iwowo nkhani ndi vitamini K, osati potaziyamu. Mukuona tsono kuti odwala awiri angatuluke m'chipinda chimodzi onse atauzidwa kuti asamale ndi K, pamene wina akunenedwa za nthochi ndipo mnzake za mpiru. Tikupempha odwala ndi owadikirira kuti asamachite manyazi kufunsa dzina lonse la chinthucho, ndipo tikupemphanso achipatala kuti polankhula ndi wodwala azitchula dzinalo m'malo mwa chilembo.

FUNSO: A Mkonzi, ndili Fomu 3. Aphunzitsi a fizikisi anati kutentha kwa kuno m'mwezi wa Okutobala kumaposa 313 K. Ndimadziwa kuti kwathu kumatentha, koma madzi amawira pa 100. Nanga ife tikukhala bwanji ndi moyo? Ndaonanso pa katoni ya babu palembedwa 6500K.
Wophunzira wa ku Nchalo, Chikwawa

YANKHO: Mwana wathu, aphunzitsi ako akunena zoona, ndipo iwenso ukunena zoona, kungoti mukugwiritsa ntchito miyezo iwiri yosiyana. Madzi amawira pa madigiri 100 pa muyezo wa Celsius, umene umayambira pamene madzi amaundana. K wa aphunzitsi ako ndi kelvin, muyezo umene umayambira pa kuzizira kotsiriza kumene chinthu sichingazizirenso kuposa pamenepo, komwe ndi madigiri 273.15 kunsi kwa ziro wa Celsius. Kuti upeze kelvin umangowonjezera 273.15 pa madigiri a Celsius, choncho tsiku limene ku Nchalo kapena kwa Ngabu kwafika madigiri 40, monga zimachitikira mvula isanagwe, pa muyezo winawo ndi 313.15 K, ndipo madzi amawira pa 373.15 K.

Muyezowu anauganiza mu 1848 ndi William Thomson, mphunzitsi wa payunivesite ya Glasgow amene pambuyo pake anapatsidwa ulemu wotchedwa Lord Kelvin. Lamulo la SI ndi lakuti chizindikiro chochokera ku dzina la munthu chimayamba ndi chilembo chachikulu, monga W wa James Watt ndi N wa Isaac Newton, n'chifukwa chake K wa kelvin ndi wamkulu pamene k wa kilo ndi wamng'ono. Usaikepo kachizindikiro kozungulira ka digiri, chifukwa kanachotsedwa pa kelvin mu 1967. Onanso kuti N wa mufizikisi akuimira mphamvu yokankha kapena kukoka, pamene N wa pa thumba la feteleza ndi nayitrojeni, ndipo zonsezi uzipeza m'mabuku a chaka chimodzi chomwecho. M'buku lako la fizikisi mulinso k wamng'ono wa mu F = kx, amene akunena kulimba kwa sipuling'i, ndipo m'masamu k kawirikawiri amaimira nambala yosasintha.

Pa katoni ya babu, 6500K ndi kelvin ndithu, osati mtengo kapena zikwi, koma sakunena kuti babuyo amatentha chotero. Akunena mtundu wa kuwala kwake, poyerekeza ndi mmene chinthu chingawalire chitatenthedwa kufika pa mlingo umenewo. Babu wa 2700K amawala mofiirira ngati mababu akale aja, pamene wa 6500K amawala moyera ngati masana, ndipo ambiri amaona kuti woyerayo ndi wabwino powerengera usiku pamene wofiirirayo savutitsa maso m'chipinda chogona. Ukafuna kudziwa mmene babu angadyere batire ya sola kapena mayunitsi, uyang'ane nambala ya W.

Ma K ena amene ungakumane nawo ndi osavuta. Pa wailesi yakanema yolembedwa 4K akunena timadontho ta chithunzi pafupifupi 4,000 kuchoka kumanzere kufika kumanja. Pa mphete, 24K ndi golide wosasakaniza, pamene 18K ndi golide wa magawo atatu mwa anayi. Pa makhadi ndi pa masewera a chess K ndi mfumu, ndipo kwa osindikiza magazini ngati ino K ndi inki yakuda pa mitundu inayi imene imalembedwa CMYK. Pa manambala a galimoto, KA ndi Karonga, KU ndi Kasungu, KK ndi Nkhotakota, ndipo CK ndi boma lako la Chikwawa. Pa mayeso a MSCE, ukaona K m'funso, uyambe waona phunziro limene ukulemba ndi chizindikiro chimene yankho likufunika kukhala nacho, kenaka ulembe chilembocho m'kukula kwake koyenera, chifukwa wochonga akaona 5 Km m'malo mwa 5 km ali ndi ufulu wokuchotsera malikisi.